Njanji ya m'chigwa cha Ruo ndi tsogolo la sitima yonyamula anthu

Munthu akaima pa siteshoni ya Luchenza n'kuyang'ana chakummwera, amaona njanji ikudutsa pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo mpaka kukazimiririka kumene nthaka imayamba kutsetsereka kulowera ku mitsinje ya Thuchila ndi Ruo. Anthu a ku Khonjeni, Sandama, Thekerani ndi Sankhulani anakulira pa zitsulo ziwiri zimenezi. Odwala ankapita nazo kuchipatala, ana a sukulu zogonera komweko ankabwerera nazo kumudzi potsekera, ndipo nthochi, chinangwa ndi nzimbe za m'chigwa zinkafika nazo ku Limbe. Chichitikireni madzi osefukira a mu Januwale 2015, sitima yonyamula anthu sinafikenso ku Makhanga, kumene inkathera ulendo wake. Anthu a kuno amafunsa kawirikawiri kuti zikutheka bwanji kuti sitima za malasha za mabogi opitirira 100 zizidutsa usana ndi usiku ku Neno, ku Balaka ndi ku Machinga, pamene njanji yoyamba m'dziko muno, imene inabala Limbe ndi Luchenza, ikumera tchire. Mvula ili ndi mbali yake pa nkhaniyi, koma gwero lenileni lili pa chimene njanjiyi anaimangira ndiponso pa amene amalipira kuti ikhale yamoyo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko lino ankadzera pamadzi. Sitima zikuluzikulu zinkaima ku Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere, ndipo kuchokera pamenepo sitima zing'onozing'ono za nthunzi zinkakwera Zambezi ndi Shire mpaka ku Chiromo kapena ku Chikwawa. Kuchoka apo kunalibe njira ina koma mitu ya anthu. Amuna zikwizikwi ankasenza mitolo ya nsalu, mchere, zitsulo ndi khofi kukwera ndi kutsika mapiri a pakati pa Shire ndi Blantyre, ndipo ankatchedwa amtengatenga, dzina limene likadalipo mpaka lero, pakuti unduna woona za misewu, njanji ndi ndege timautchula kuti unduna wa zamtengatenga. Eni maesiteti ankadandaula pa zinthu ziwiri. Choyamba, munthu amene wasenza katundu pamsewu ndi munthu amene sakugwira khasu m'munda wa mzungu. Chachiwiri, madzi a mu Shire ankacheperachepera, kotero kuti m'chilimwe sitima zinkatitimira mumchenga katundu n'kumakhala milungu yambiri pagombe. Njanji inabadwa kuti ithetse mavuto awiri amenewa, ndipo onsewo anali mavuto a katundu.

Kampani ya Shire Highlands Railway inayamba ntchito mu 1903, ndipo mu 1908 sitima inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Wina angadabwe kuti anazunguliranji ku Ruo m'malo mokwera molunjika phiri la ku Chikwawa, mmene umachitira msewu wa galimoto. Sitima si lole. Gudumu lake ndi lachitsulo ndipo limayenda pa chitsulo chinzake, choncho chitunda chikakula limangoterereka pamalo amodzi. Kuchokera ku Chiromo, kumene nthaka siifika ndi mamita 100 omwe pamwamba pa nyanja ya mchere, kukafika ku Limbe, kumene ndi mamita opitirira 1,000, sitima imayenera kukwera pang'onopang'ono, ndipo chokhacho chimene chimapereka chitunda choterocho ndi chigwa cha mtsinje. Ndi chifukwa chake amisiri anatsata Ruo, kenaka Thuchila, n'kukatulukira ku Luchenza. Anasema njira m'mbali mwa mapiri, phiri kumtunda, mtsinje kumunsi, ndipo kamtsinje kalikonse kotsika m'mapiri a Thyolo kanayenera kupatsidwa mpata wodutsira pansi pa njanji, kaya ndi mlatho kaya ndi ngalande. Nzeru imeneyi inali yolondola pa nkhani ya chitunda, koma inasiya njanji m'manja mwa madzi a dzinja lililonse.

Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo anauika pa mamilimita 1,067, wofanana ndi wa njanji za ku Mozambique, Zimbabwe, Zambia ndi South Africa, ndiye kuti bogi yopakiridwa pa Luchenza ikhoza kukafika padoko popanda kutsitsa katundu panjira. Poti Shire anapitirirabe kuphwa, njanji inakankhidwira kummwera mpaka ku Chindio, m'mphepete mwa Zambezi, pofika 1915. Mu 1922 njanji ina, ya Trans-Zambezia, inafika kutsidya lina la mtsinjewo kuchokera ku Beira, ndipo katundu ankaoloka pa bwato lalikulu kufikira 1935, pamene unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wotalika kupitirira makilomita atatu ndi theka. Chaka chomwecho njanji yakumpoto inafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi ku Chipoka.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene siikambidwa kawirikawiri. Boma la Nyasaland ndi limene linaimira ngongole ya njanji ya Trans-Zambezia, ngakhale kuti inamangidwa m'dziko la Apwitikizi, ndipo kwa zaka zambiri chiwongoladzanja chake chinkachokera m'thumba la boma, momwe munkalowa msonkho wa nyumba umene makolo athu ankaupeza pogwira thangata. Kuti ngongole zibwezedwe, mtengo wonyamulira katundu unali wokwera kwambiri, moti mbewu zokhazo za mtengo wapatali, monga tiyi, fodya ndi thonje, ndi zimene zinkatha kulipira ulendo wa ku Beira n'kutsalako phindu. Mlimi wamba wa chimanga kapena nandolo anathandiza kulipira njanji imene mbewu zake sizikanakwanitsa kukwera.

Luchenza ndi mwana wa tiyi ndi njanji. Tiyi atayamba kubzalidwa ku Mulanje mu 1891 n'kufalikira ku Thyolo m'zaka zotsatira, maesiteti a m'tsinde mwa phiri la Mulanje anapeza kuti siteshoni yapafupi ndi ya Luchenza, ndipo mabokosi a tiyi ankabwera pa ngolo, pambuyo pake pa malole, kudzadikira sitima ya ku Beira. Pamene pali katundu pamabwera anthu: amwenye anatsegula masitolo, nyumba zosungiramo mbewu zinamangidwa moyandikana ndi njanji, ndipo tauni inamera. Mabogi onyamula anthu analipo kuyambira pachiyambi, koma ankagawidwa m'makalasi, ndipo pa nthawi ya atsamunda kalasi ya munthu inkadziwika ndi khungu lake: azungu kutsogolo pa mipando yawofowofo, amwenye pakati, anthu akuda pa mabenchi a matabwa. Chuma cha kampani chinali m'mabogi a katundu, ndipo anthu ankangokwera nawo.

Komabe anthu a m'chigwa anaitenga sitimayo n'kuisandutsa yawo. Ine ndinaikwera koyamba ndili ku pulayimale, nditatsagana ndi agogo anga aakazi amene ankapita ku Makhanga kukaoda nsomba. Tinakwerera pa Luchenza, ndipo pofika pa Khonjeni m'bogi munalibenso poponda, pakuti kunsi kwa mabenchi kunali nkhuku zomanga miyendo ndipo m'kanjira ka pakati munali matumba a makaka ndi kalongonda. Sitima isanaime n'komwe pa Sandama, amayi osenza malichero anali atayamba kale kuthamanga m'mbali mwake, akuitanira nthochi za kabuthu ndi sukari, chinangwa chophika ndi mapeyala. Malonda onse ankachitikira pa windo. Agogo anatulutsa kandalama pa mfundo ya chitenje, n'kulandira phava la nthochi, ndipo chenji chinawapeza sitima itayamba kale kuyenda, mtsikana wogulitsayo akuthamanga nacho dzanja lili m'mwamba. Kutsidya kwa Ruo ndi ku Mozambique, ndipo anthu a kumeneko ankaoloka pa mabwato m'mamawa kudzachingamira sitima ndi mbewu zawo. Inkaima mphindi zowerengeka chabe, koma m'mphindi zimenezo mabanja ambiri ankapeza ya sopo, ya mchere ndi ya chigayo ya sabata yonse. Pobwerera, bogi lonse linkanunkhira mlamba wowamba wa m'dambo la Ndindi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, kampani inakhala Malawi Railways, likulu lake ku Limbe, ndipo boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaika mtima pa kukulitsa njanji. Mu 1970 inatsegulidwa njanji ya makilomita pafupifupi 100 yochoka pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala, ndi ndalama za ngongole zochokera ku South Africa. Ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ndipo yonse pamodzi inakwana makilomita 797. M'zaka zimenezo pafupifupi katundu yense wa malonda akunja ankayenda pa sitima kudzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo njanji ya ku Thyolo inali msewu waukulu wa dziko. Feteleza, mafuta, tirigu ndi makina zinkakwera chigwa cha Ruo, pamene tiyi ndi fodya zinkatsika.

Chimene chinadula msana wa njanjiyi ndi nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 zigawenga za RENAMO zinayamba kuphwasula njanji ya ku Sena, ndipo pofika 1983 sitima zinaleka kupita ku Beira. Ya ku Nacala inatsekeka mu 1984, ndipo mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa. Dziko lopanda doko silingaime kudikira nkhondo ya eni ake kuti ithe, choncho katundu anasamukira pa mathiraki opita ku Durban ndi ku Dar es Salaam, maulendo otalika katatu kapena kanayi, ndipo mtengo wa chilichonse chochokera kunja unakwera. Chinthu chofunika kuchimvetsa apa ndi chakuti katundu akazolowera msewu sabwerera msanga. Fakitale ya tiyi imene yaphunzira kuti thiraki imafika pakhomo penipeni, kupakira, n'kunyamuka tsiku lomwelo, siifunanso kutumiza lole ku siteshoni kukadikira bogi. Pamene mtendere unkabwera mu 1992 njanji ya ku Nacala inali itayambanso kugwira ntchito, koma mbali yolumikiza Nsanje ndi Dona Ana inakhalabe yakufa.

Kenaka mu 1997 madzi osefukira anagumula chiunda chimene pankadutsa njanji ndi msewu pakati pa Chiromo ndi Bangula, n'kusiya phompho la madzi limene anthu analitcha Mtayamoyo, poti kuoloka kwake pa bwato kunali kuika moyo pachiswe. Shuga wa ku Nchalo ndi thonje la m'chigwa cha Shire, zimene zinkapakiridwa pa Bangula, zinatsala kutsidya. Kuyambira pamenepo njanji yochoka ku Limbe inkangothera pa Makhanga, makilomita pafupifupi 120, yopanda doko kutsogolo kwake ndiponso yopanda fakitale yaikulu m'mbali mwake. Msewu waukulu wa dziko unasanduka kanjira kothera pakhomo. Sitima ya anthu inatsala yokha pa njanji imene inamangidwira katundu, ndipo vuto lonse la lero linayambira pamenepa.

Patangopita zaka ziwiri, boma linapereka njanji m'manja mwa kampani yoima payokha, motsatira ndondomeko ya nthawi imeneyo yogulitsa kapena kubwereketsa makampani a boma, imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inkalimbikitsa. Pa 1 Disembala 1999 kampani ya Central East African Railways, imene ambiri amangoti CEAR, inayamba kuyendetsa sitima pa mgwirizano wa zaka 20, ndipo mwa eni ake munali kampani ya ku America ya Railroad Development Corporation ndi kampani ya boma la Mozambique ya CFM. Anthu ambiri amati njanji inagulitsidwa, koma sizili choncho kwenikweni. Pa mgwirizano wotere nthaka, zitsulo, milatho ndi masiteshoni zimakhalabe za boma. Kampani imabwereka ufulu woyendetsa sitima, imasamalira njanji pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo imalipira boma gawo la zimene yapeza. Sitima ya anthu inalowa m'mgwirizanowo ngati udindo umene kampani iyenera kukwaniritsa m'malo mwa boma, boma n'kumalipira chimene chaperewera, popeza mtengo wa tikiti unkaikidwa motsika kuti munthu wakumudzi akwanitse.

Kuperewerako kumachokera kuti? Bogi ya feteleza imanyamula matani ngati makumi anayi, siifuna nyali, chimbudzi, kondakitala kapena wapolisi, ndipo ikachedwa ndi tsiku limodzi siidandaula. Bogi ya anthu imafuna zonsezo, kuwonjezapo wogulitsa matikiti pa siteshoni iliyonse, ndipo okweramo ambiri amayenda mtunda waufupi, Khonjeni kukatsika pa Luchenza, n'kulipira ndalama yochepa. Komanso injini ikamaima ndi kunyamuka pafupipafupi pa chitunda imamwa dizilo wambiri. Izi si za ku Malawi kokha, pakuti ngakhale m'mayiko olemera sitima zambiri zonyamula anthu zimayenda ndi thandizo la boma. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumene kukudutsa katundu wochuluka, katunduyo ndi amene amalipira kukonza njanji, kuthira miyala, kusintha zitsulo zotha ndi kusamalira milatho, ndipo sitima ya anthu imangolipira mafuta ndi antchito ake. Pa njanji ya Makhanga panalibe katundu wotero, moti mlatho uliwonse, ngalande iliyonse ndi msomali uliwonse zinkayang'ana kwa mayi wa lichero la nthochi ndi kwa Nduna ya Zachuma. N'zosadabwitsa kuti maulendo anacheperachepera mpaka sitima inkabwera kamodzi pa sabata, ikuyenda mwakachetechete ngati yopondaponda pa mazira chifukwa cha kutha kwa njanji.

Tsopano tiyerekeze ndi zimene zinachitika kumpoto kwa Blantyre. Kampani ya ku Brazil ya Vale itatsegula migodi ya malasha ku Moatize, m'chigawo cha Tete, inaona kuti njira yachidule yopita ku doko lakuya la Nacala ndi yodutsa m'Malawi. Mu 2011 inagwirizana ndi boma, n'kumanga njanji yatsopano ya makilomita opitirira 130 kuchokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa, kudzera ku Mwanza ndi ku Neno, mpaka pa Nkaya, ndipo inamanganso mwamphamvu ya Nkaya mpaka Nayuchi. Njira yonse, kuchokera ku mgodi kukafika kunyanja, ndi makilomita 912, ndipo inatsegulidwa mwamwambo mu 2017. Mu 2022 Vale inagulitsa migodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan. Sitima ya anthu ya ku Balaka ndi ku Nayuchi inapindula nawo, pakuti imayenda pa zitsulo zolemera ndi milatho yolimba zimene malasha analipira. Sindikuona cholakwika pa kupindula kumeneko. Chimene chikuoneka poyera ndi chakuti ndalama zazikulu za njanji m'dziko muno, kuyambira 1903 mpaka lero, zakhala zikutsata katundu, ndipo dera limene lilibe katundu wolemera limatsalira ngakhale litakhala ndi anthu ochuluka chotani.

Madzi a mu Januwale 2015 anapeza njanji ya ku Ruo ili kale yofooka. Mvula inagwa masiku otsatizana pa phiri la Mulanje ndi m'mapiri a Thyolo, Ruo anasefukira n'kudzitsegulira njira yatsopano chakufupi ndi Makhanga, ndipo m'malo ambiri dothi la pansi pa njanji linakokoloka, zitsulo n'kutsala zili lendelende m'malere. Pano ndiyenera kunena chinthu chimene chimatikhudza ife eni dera. Ngalande ndi milatho ing'onoing'ono ya pa njanjiyi anaziyeza pa nthawi imene mapiri anali ndi nkhalango, madzi akutsika pang'onopang'ono. Lero mitengo inatha, ndi ya m'phiri la Thyolo yomwe, ndipo anthu akulima m'malo otsetsereka mpaka m'mphepete mwenimweni mwa njanji. Mvula ikagwa, madzi amatsika nthawi imodzi atanyamula dothi, miyala ndi zitsa, ngalande imatsekeka, madzi amadikha kuseri kwa chiunda, kenaka n'kuchiphulitsa. Sindikunena izi podzudzula mlimi, chifukwa munthu salima paphiri mwa kufuna kwake: malo abwino a Thyolo ndi Mulanje ali pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo anthu achuluka. Koma aliyense wofuna kumanganso njanjiyi ayenera kudziwa kuti madzi a lero si a 1908.

Njanji yosayendapo sitima imawonongeka msanga kuposa yogwira ntchito. Palibe amene amayendera, tchire limamera, anthu amabzala mpaka pakati pa zitsulo, ndipo osaka zitsulo zakutha amazula mabawuti ndi zitsulo zogonekapo njanji kukagulitsa pa sikelo kapena kukasulitsa makasu. Ntchito yokonza makilomita 72 a pakati pa Limbe ndi Sandama inachitika patapita zaka zingapo, koma namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsanso mvula yoopsa pa mapiri omwewo, ndipo aliyense wa kuno akudziwa zimene Freddy anachita ku misewu, milatho ndi midzi ya Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu.

Ena amati nkhani ya sitima inatha ntchito popeza tsopano kuli msewu wa tara wochoka ku Thyolo kudzera ku Makwasa ndi ku Thekerani kutsikira ku Muona. Msewu umenewu ndi dalitso lalikulu, ndipo amene anayendapo m'matope a kale sangaunyoze. Koma msewu unadzera pamwamba pa zitunda, pamene njanji ili kumunsi, m'mbali mwa mtsinje, ndipo pakati pa ziwirizi pali chitunda cha maola angapo pa phazi. Mayi wa ku Sandama amene ali ndi matumba asanu a nandolo ayenera kulipira wanjinga yamoto thumba lililonse palokha kuti likafike pamsewu, kenaka alipirenso galimoto, pamene kale ankangowakunkhuniza kuchokera pakhomo kufika pa siteshoni. Akawerengera zonsezo amaona kuti kuli bwino agulitse kwa venda amene wafika pamudzi, ndipo venda akadziwa kuti mwini mbewu alibe kolowera, mtengo amatchula yekha. Ndinaonapo ndi maso anga mayi wodwala atamunyamula pa machira a nsungwi, amuna anayi akusinthana pa chitunda, ena akutsatira ndi madzi m'chigubu, ndipo njira imene ankakwerayo inayambira pa siteshoni pomwe. Kutha kwa sitima kunafikanso pa nthawi imene matenda a chisaka anali atapululutsa nthochi za ku Thyolo, kotero kuti mabanja ambiri anataya mbewu ndi msika womwe m'zaka zoyandikana.

Chiyembekezo chenicheni chili kummwera. Dziko la Mozambique linamanganso makilomita 44 ochoka ku Dona Ana kufika pa malire ku Vila Nova da Fronteira, ndipo boma la Malawi linayamba mu 2022 kumanganso makilomita 72 a pakati pa Marka, pa malire omwewo, ndi Bangula. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka, koyamba m'zaka pafupifupi 40. Kufunika kwake n'koonekeratu: kuchokera ku Limbe kupita ku Beira pa njanji sipakwana makilomita 600, pamene ku Nacala ndi pafupifupi 800, ndipo dziko limene linaona madoko ake onse awiri atatsekeka m'zaka za m'ma 1980 liyenera kudziwa ubwino wokhala ndi makomo awiri. Njanji ikalumikizika yonse, mafuta, feteleza, shuga ndi tiyi zidzayambanso kudutsa m'chigwa cha Ruo, zidzalipira kusamalira njanji, ndipo kuika bogi za anthu pa njanji yamoyo sikudzakhalanso katundu wolemetsa. Ndi chifukwa chake munthu wa ku Khonjeni ayenera kutsatira mwachidwi zimene zikuchitika ku Nsanje, ngakhale sanapondeko.

Koma pali choopsa chimene ndikufuna aphungu ndi mafumu a Thyolo ndi Mulanje achione msanga. Njanji ikafika pa Bangula, n'zotheka kutsitsa mafuta ndi feteleza pamenepo n'kuzikweza pa mathanki ndi mathiraki odzera ku Nchalo ndi ku Chikwawa, ndipo amalonda akhoza kukhutira ndi zimenezo kwa zaka zambiri, chifukwa gawo lotsalalo ndi limene lili lodula kuposa onse. Likufuna kuoloka Shire pa Chiromo, kutseka Mtayamoyo, kudumpha njira yatsopano ya Ruo, ndi kukweza kapena kusuntha njanji m'malo amene madzi amafika chaka ndi chaka. Likufunanso ngalande zazikulu zoyezedwa ndi mvula ya masiku ano, mitengo ndi udzu wa vetiva m'mapiri a kumtunda kwake, ndiponso magulu a antchito okhala m'mbali mwa njanji, monga analili kale, amene ankayenda pansi m'mamawa mvula ikagwa, nyundo paphewa ndi mbendera yofiira m'manja, kuti aone ngati pagumuka sitima isanafike. Ntchito imeneyo anthu a m'midzi yomweyo akhoza kuigwira, ndipo munthu amene amalandira malipiro pa njanji salola kuti mnzake azule bawuti.

Pa nkhani ya sitima ya anthu, maganizo anga ndi akuti tileke kuiyeza ndi muyeso wa phindu. Palibe amene amafunsa ngati msewu wa ku Thekerani ukupanga phindu. Timaumanga ndi ngongole za boma, n'kumaukonza ndi msonkho umene timalipira pa lita iliyonse ya mafuta, chifukwa tinavomereza kuti anthu ayenera kuyenda. Ndalama yothandizira sitima ya anthu iyenera kulembedwa poyera mu bajeti chaka chilichonse, ndipo mgwirizano ndi kampani yoyendetsa sitima uzinena momveka kuti sitima idzayenda kangati pa sabata, idzaima pa masiteshoni ati, ndipo madzi akagumula njanji wokonza ndani, pa ndalama za yani, m'miyezi ingati. Mfundo yomalizayi ndi imene imasiya anthu m'malere, popeza kampani ikhoza kunena kuti kugumuka kwakukulu ndi kwa mwini njanji, boma n'kunena kuti ndalama palibe, zaka n'kumapita. Kwa zaka zopitirira 100 lamulo loyendetsera njanji m'dziko muno linali la 1907, lolembedwa sitima yoyamba isanafike n'komwe ku Blantyre, pa nthawi imene wokwera pa benchi ya matabwa sankafunsidwa maganizo.

Kuchokera ku Limbe kufika ku Sandama ndi makilomita 72, ndipo kuchokera ku Marka kufika ku Bangula ndi 72 enanso. Pakati pa Sandama ndi Bangula patsala makilomita osakwana 60, ndipo m'menemo ndi mmene muli siteshoni za Thekerani, Sankhulani, Osiyana, Makhanga ndi Chiromo.